Nyimbo ikaimbidwa ndi wina, ndalama amadya ndani? Nkhani ya Dolly Parton

Mu Marichi 2024 Beyoncé anatulutsa chimbale cha Cowboy Carter, ndipo m'menemo munali nyimbo ya "Jolene". Achinyamata ambiri anaimvera pomwepo koyamba n'kumaiyesa yatsopano, pamene makolo awo amene anakulira pa wailesi ankangoseka poti anaidziwa kalekale. Chisokonezo chomwechi chilipo pa "I Will Always Love You". Ambiri akaimva amatchula Whitney Houston, ndipo mukawauza kuti inatuluka koyamba mu 1974 ngati nyimbo ya country, amakuyang'anani ngati mwalawako kachasu m'mawa.

Nyimbo ziwirizi anapeka ndi mayi mmodzi, Dolly Parton wa ku Tennessee m'dziko la America. Anthu amamudziwira mawigi ake aakulu, zovala zonyezimira ndi mawu ake okwera, koma chimene chinamulemeretsa n'kumupatsa ufulu wochita zofuna zake ndi cholembera, komanso kukakamira umwini wa zimene walemba. Kuti zimenezi zimveke, pafunika kuyenda ndi moyo wake limodzi ndi kayendedwe ka ndalama za nyimbo.

Mwana wachinayi mwa ana 12

Dolly anabadwa pa 19 Januwale 1946 m'kanyumba ka chipinda chimodzi m'boma la Sevier, kumapiri a Great Smoky, kum'mawa kwa Tennessee. Iye amasimba kuti dokotala amene anathandiza mayi ake pochira analipidwa thumba la ufa wa chimanga chifukwa ndalama panalibe. Bambo ake, a Robert Lee Parton, sankatha kuwerenga ndi kulemba. Poyamba ankalima m'minda ya eni ake n'kumagawana nawo zokolola, monga amachitira matenanti a m'maesiteti a fodya kwathu kuno, kenaka anadzapeza kamunda kawo momwe ankalima fodya. Nyimbo zinachokera kuchikazi. Mayi ake, a Avie Lee, ankaimbira ana nyimbo zakalekale za kumapiriko, agogo ake aamuna a Jake Owens anali mlaliki wa mpingo wa chipentekosite, ndipo m'tchalitchi mwawomo ndi mmene mwanayu anayambira kuimba pagulu.

Amene anaona kuti mwanayu ali ndi mphatso ndi amalume ake, a Bill Owens. Ali ndi zaka 10 anali atayamba kuimba pa pulogalamu ya Cas Walker pa wailesi ndi pa kanema ku Knoxville. Mu 1959, ali ndi zaka 13, anajambula nyimbo ya "Puppy Love" ndiponso anaimba pa Grand Ole Opry, pulogalamu yotchuka ya country pa wailesi ku Nashville, pomwe amene anamuitanira kutsogolo anali woimba wotchuka Johnny Cash. Atamaliza sekondale mu 1964, m'mawa mwake anakwera basi ya ku Nashville.

Chifukwa chiyani Nashville

Country ndi nyimbo za azungu osauka a kumidzi ya kummwera kwa America, koma mizu yake ndi yosakanikirana: nyimbo zofotokoza nkhani zimene makolo awo anabwera nazo kuchokera ku England, Scotland ndi Ireland, nyimbo za m'tchalitchi, ndi blues ya anthu akuda. Ngakhale banjo, chida chimene chimamveka kwambiri m'nyimbo zakale za country, chinachokera ku zida za kumadzulo kwa Africa zimene akapolo anapanganso atafika kumeneko. Nyimbozi zimanena nkhani molunjika, za umphawi, banja, kusiyidwa, mowa ndi Mulungu, ndipo mwina n'chifukwa chake Jim Reeves, Don Williams, Kenny Rogers ndi Dolly yemweyu anakhazikika m'makutu a anthu kuyambira ku Lilongwe mpaka ku Lusaka ndi Harare.

Nashville inakhala likulu la nyimbozi pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi Grand Ole Opry, pulogalamu ya pa wailesi ya WSM imene inayamba mu 1925 ndipo ikupitirirabe. Chachiwiri, chomwe anthu sachitchula kawirikawiri, ndi makampani osunga ndi kugulitsa nyimbo zopekedwa. Yoyamba yaikulu inali Acuff-Rose, ya mu 1942. Mumzindawu muli anthu amene ntchito yawo ndi kupeka basi: amapita ku ofesi m'mawa ndi gitala, kulemba nyimbo, kampani n'kukaitsatsa kwa oimba otchuka. Dolly analowera khomo limeneli. Anasaina ndi kampani ya Combine ngati wopeka, ndipo dzina lake linayamba kumveka mu 1966 pamene Bill Phillips anaimba "Put It Off Until Tomorrow", imene Dolly anapeka ndi amalume ake aja, n'kufika pa nambala 6 pa mndandanda wa nyimbo za country. Kampani ya Monument, imene inamusaina ngati woimba, poyamba inkafuna kuti aziimba pop poganiza kuti mawu ake sakugwirizana ndi country. Nyimbo ya Phillips ija ndi imene inawasintha maganizo.

Nyimbo imodzi, zinthu ziwiri

Apa ndiye pagona nkhani. Chimene ife timangochitcha "nyimbo", pamaso pa lamulo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi mwini wake.

Choyamba ndi nyimbo yopekedwa, kutanthauza mawu ndi kayimbidwe kake. Imeneyi imakhalapo ngakhale asanaijambule, bola yalembedwa. Umwini wake ndi ndalama zochokera pamenepo amazitcha publishing, ndipo kampani yosamalira zimenezi ndi publisher. Chachiwiri ndi chojambulidwa mu situdiyo, mawu a woimba uja ndi zida za tsiku limenelo. Chimenechi amachitcha master, ndipo nthawi zambiri mwini wake ndi kampani imene inalipira situdiyo, osati woimbayo.

Tibwerere kwa bambo ake a Dolly ndi minda ya eni ija. Nyimbo yopekedwa ili ngati munda, pomwe chojambulidwa chili ngati zokolola za chaka chimodzi. Whitney analima m'munda wa Dolly mu 1992 n'kukolola zochuluka zedi, ndipo zokololazo zinali zake ndi kampani yake ya Arista. Koma mwini munda analandira gawo lake pa thumba lililonse, ndipo munda unakhalabe wake kudikira mlimi wina.

Ndalama imene mwini amalandira nthawi iliyonse ntchito yake ikagwiritsidwa ntchito imatchedwa royalty. Mwachizolowezi ndalama za nyimbo yopekedwa amazigawa pakati: theka la wopeka, theka la publisher. Wopeka amene wasaina ndi kampani ya ena amadya theka lokha, ndipo kawirikawiri umwini weniweniwo umapita ku kampaniyo. Amene ali ndi kampani yakeyake amadya mbali zonse ziwiri. Kontirakiti yake yoyamba itatha, Dolly ndi amalume ake anatsegula kampani yawo ya Owe-Par, dzina lolumikiza Owens ndi Parton. Anali ndi zaka zongopitirira 20 pang'ono.

Makomo amene ndalama zimalowera

Khomo loyamba ndi la makope. Chimbale chilichonse chikapangidwa, kaya ndi mbale yakuda ija, kaseti kapena CD, wopeka amalandirapo kangachepe pa nyimbo iliyonse. Ku America mtengowu amauika ndi boma. Kuyambira 1909 mpaka 1977 unali masenti 2 okha pa nyimbo, osasintha kwa zaka pafupifupi 70. Pofika 1992 unali masenti 6.25, ndipo mu 2023 unafika masenti 12. Kandalama kochepa, koma mukakachulukitsa ndi makope mamiliyoni kamasanduka chuma.

Lachiwiri ndi la kuseweredwa pagulu: pa wailesi, pa kanema, m'mabala, m'mahotela, pa zoimbaimba. Wopeka sangayende bala ndi bala kutolera, choncho pali mabungwe ochita zimenezi m'malo mwake. Ku America akuluakulu ake ndi ASCAP, la mu 1914, ndi BMI, la mu 1939. BMI ndi limene linatsegulira khomo opeka country ndi blues pa nthawi imene ASCAP linkawaona ngati anthu akumudzi. Pali chinthu china chodabwitsa m'malamulo a dzikolo: mawailesi wamba a AM ndi FM amalipira wopeka ndi publisher yekha, woimba salandira kanthu. Ndiye kuti wailesi ya ku Chicago ikaika mawu a Whitney, royalty ya tsikulo imapita kwa Dolly. Eni mawailesi amati kuika nyimbo n'kumutsatsira kale woimbayo malonda, oimba amati ndi kudyeredwa masuku pamutu, ndipo nkhaniyi yakhala ikupita ku nyumba ya malamulo n'kubwerera kwa zaka zambiri.

Lachitatu ndi la mafilimu ndi zotsatsa malonda. Apa palibe mtengo wa boma, mwini nyimbo amatchula yekha ndipo akhoza kukana. Masiku ano pawonjezeka Spotify, YouTube ndi ena otero, omwe amalipira mbali zonse ziwiri, ngakhale gawo lalikulu limapita kwa mwini master.

Zaka 7 ndi Porter Wagoner

Mu 1967 Porter Wagoner, yemwe anali ndi pulogalamu yotchuka ya country pa kanema, anamutenga Dolly kuti alowe m'malo mwa woimba wina, Norma Jean. Poyamba anthu sanamulandire, ena ankakuwa dzina la Norma Jean iye ali pa siteji. Porter anamuikira kumbuyo, anamupezera malo ku kampani ya RCA, ndipo nyimbo zimene ankaimba awiri zinayenda malonda. Koma analowanso m'bizinesi yake: pofika 1969 anali ndi pafupifupi theka la Owe-Par.

Zaka zimenezi ndi zimene Dolly anapeka nyimbo zake zakuya kwambiri. "Joshua" inali yoyamba kufika pa nambala 1 mu 1971. Chaka chomwecho kunatuluka "Coat of Many Colors", imene anailemba m'basi ya Porter kuseri kwa lisiti ya kochapitsa zovala, pepala lina litasowa. Ndi nkhani yeniyeni ya chikhoti chimene mayi ake anamusokera ndi tizigamba ta nsalu zosiyanasiyana uku akumusimbira za Yosefe wa m'Baibulo. Mwanayo anapita nacho kusukulu monyadira, anzake n'kumuseka. Aliyense amene anavalapo yunifolomu yazigamba sasowa womumasulira nyimboyi. "Jolene" inatuluka kumapeto kwa 1973. Dzinalo analitenga kwa kamtsikana kena kamene kanamupempha siginecha, pomwe nkhani yake akuti inachokera kwa mayi wina wa ku banki amene ankamwetulira mwamuna wake mopitirira muyeso.

Dolly akuti anagwirizana zokhala zaka 5, koma zinakwana 7, ndipo ankafuna kuima payekha. Porter sankafuna kumva zimenezo, ankangokangana. Ndiye m'malo mopitiriza kulimbana, anapita kunyumba n'kupeka "I Will Always Love You", m'mawa mwake n'kukamuimbira mu ofesi. Nyimbo imene anthu amavinira pa maukwati ija kwenikweni ndi kalata yotsanzikira bwana. Inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa country mu 1974, ndi kachiwirinso mu 1982 ataijambulanso.

Kusiyanako sikunathere pa misozi ya mu ofesi. Mu 1979 Porter anamusumira kukhoti kufuna madola 3 miliyoni ponena kuti anaphwanya mgwirizano, ndipo nkhaniyo anaithetsera kunja kwa khoti, Dolly n'kulipira ndalama zimene malipoti amati zinali pafupifupi dola miliyoni imodzi. Porter ankaona kuti popanda iye mtsikanayu sakanadziwika msanga chotero. Dolly ankaona kuti ngongoleyo anaibweza kale ndi zaka ziwiri zoonjezera. Onse anali ndi mfundo. Anadzagwirizananso pambuyo pake, ndipo Dolly anakamuona ali gone kutatsala pang'ono kuti amwalire mu Okutobala 2007.

Tsiku limene anakaniza Elvis

Nyimbo yotsanzikira ija itatchuka, Elvis Presley anafuna kuiimba. Kwa wopeka aliyense wa nthawi imeneyo, uku kunali kutola chikwama. Dolly anavomera mosangalala mpaka anaitanidwa kuti adzakhalepo mu situdiyo. Kutatsala pang'ono, manijala wa Elvis, Colonel Tom Parker, anamuimbira foni kumuuza kuti Elvis saimba nyimbo ya munthu popanda kupatsidwa theka la publishing yake.

Pano pali mfundo imene osimba nkhaniyi amaidumpha. Lamulo la ku America limati nyimbo ikangotuluka kamodzi, aliyense akhoza kuijambulanso popanda kupempha chilolezo, bola alipire mtengo wa boma uja ndipo asaisinthe kwenikweni. Choncho Elvis sankafunika siginecha ya Dolly kuti aimbe. Theka lija sinali nkhani ya lamulo, inali mphamvu ya pa msika. Kuwerengera kwa Parker kunali kwakuti nyimbo ikadutsa pakamwa pa Elvis imagulitsa kuposa mmene ikanagulitsira, ndiye theka la ndalama zambiri limaposa ndalama yathunthu yochepa. Opeka ambiri anavomera, ndipo sitinganene kuti onse analuza.

Dolly anakana. Amasimba kuti analira usiku wonse ndipo anzake ankamuuza kuti wapenga. Elvis anamwalira mu 1977 asanaijambule.

Panadutsa zaka pafupifupi 18 kuti yankho lioneke. Mu 1992 wosewera m'mafilimu Kevin Costner anaganiza zoti nyimboyi ilowe mufilimu ya The Bodyguard, pulojusa David Foster anaikonza, Whitney Houston anaimba. Inakhala pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America wa Billboard Hot 100 kwa masabata 14, ndipo chimbale cha filimuyo chinagulitsa makope mamiliyoni makumimakumi padziko lonse. Malipoti amati m'zaka za m'ma 1990 zokha Dolly anapezapo madola pafupifupi 10 miliyoni. Akanasaina kwa Parker, theka la publishing likanapita ku chuma cha masiye cha Elvis. Mu 2021 Dolly ananena kuti zina mwa ndalamazo anagulira nyumba za maofesi m'dera la anthu akuda ku Nashville, pokumbukira Whitney.

Za Beyoncé zimasiyana pang'ono. Iye anasintha mawu a "Jolene", kuchoka pa mkazi wochonderera kufika pa mkazi wochenjeza. Kusintha kotere sikulowa m'chilolezo cha lamulo chija, pamafunika mwini avomere. Dolly anavomera, mawu ake akumvekanso m'chimbalemo, ndipo dzina la wopeka ndi lakebe.

Kuoloka malire a country

Atasiyana ndi Porter analoza msika waukulu wa pop, ndipo ena ku Nashville anati wagulitsa mtundu. "Here You Come Again" ya 1977 inamupatsa mphoto yake yoyamba ya Grammy, ngakhale kuti imeneyo inapekedwa ndi Barry Mann ndi Cynthia Weil. "Islands in the Stream" ya 1983, imene anaimba ndi Kenny Rogers, inapekedwa ndi a Bee Gees. Pa ziwirizi Dolly ndiye anali kumbali ya woimba nyimbo za eni. Yake inali "9 to 5", ya mufilimu ya 1980 momwe anasewera ndi Jane Fonda ndi Lily Tomlin. Kugunda kwake kofanana ndi taipilaita anakupeza pokhulanitsa zikhadabo zake zoikirira podikira kujambula. Mawailesi a country atayamba kukonda achinyamata m'ma 1990, anabwerera ku nyimbo za kumapiri ndi chimbale cha The Grass Is Blue mu 1999, chaka chimene analowanso mu Country Music Hall of Fame, m'ndandanda waulemu wa akatswiri a nyimbo za country. Mu 2022 anamuika mu Rock and Roll Hall of Fame, atayamba wakana ponena kuti sanaimbepo rock, ndiye chaka chotsatira anatulutsa chimbale cha rock kuti ulemuwo ukhale ndi pogwira.

Akuti wapeka nyimbo pafupifupi 3,000. Zambiri palibe anazimvapo.

Kumene ndalama zinapita

Mu 1986 analowa m'bizinesi ya malo achisangalalo ku Pigeon Forge, m'boma lakwawo, n'kuwatcha Dollywood. Lero ndi amodzi mwa olemba anthu ntchito ambiri m'deralo. Mu 1995, pokumbukira bambo ake osadziwa kuwerenga aja, anayambitsa Imagination Library: mwana wolembetsedwa amalandira buku limodzi mwezi uliwonse kudzera pa positi, kuyambira pobadwa mpaka zaka 5, mosayang'ana kuti kwawo ndi olemera kapena osauka. Inayambira m'boma la Sevier lokha, kenaka inafalikira ku America konse, Canada, Britain, Australia ndi Ireland, ndipo pofika 2023 mabuku anali atapitirira 200 miliyoni. Sikuti zonse amalipira yekha, mabungwe ndi maboma a m'madera amasonkha gawo lalikulu. Moto utapsereza nyumba kwawoko mu 2016, thumba limene anakhazikitsa linkapereka madola 1,000 pamwezi kwa banja lililonse lokhudzidwa kwa miyezi 6. Mu 2020 anapereka dola miliyoni imodzi ku chipatala cha yunivesite ya Vanderbilt, ndipo gawo lina linathandiza kafukufuku wa katemera wa COVID-19 wa kampani ya Moderna.

Pa ndale amakana kunena mbali yake. Ena amamuyamikira kuti n'chifukwa chake amakondedwa ndi anthu osamwerana madzi, ena amati munthu wa mawu omveka chotere sayenera kukhala chete. Mwamuna wake Carl Dean, yemwe anakumana naye pa malo ochapira zovala tsiku loyamba kufika ku Nashville n'kukwatirana mu 1966, ankathawa makamera moyo wake wonse mpaka anamwalira pa 3 Marichi 2025. Ana sanakhale nawo.

Nanga kwathu kuno

Kugawa nyimbo pawiri kuja kulinso m'malamulo a Malawi. Bungwe lotolera ndalama m'malo mwa opeka ndi oimba ndi COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la 1989, ndipo lamulolo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2016. Ku Zambia kuli ZAMCOPS, ku Zimbabwe ZIMURA, ku South Africa SAMRO. Mabungwe otere amapangana ndi anzawo a kunja kuti ndalama za nyimbo yoseweredwa m'dziko lina zizibwerera kwa mwini wake.

Mafunso amene Dolly anakumana nawo ndi omwewo amene mnyamata wa ku Ndirande amakumana nawo akalowa mu situdiyo. Biti anapanga ndi pulojusa, mawu analemba ndi mnzake, ndalama ya situdiyo analipira ndi amalume, ndiye nyimbo ikaphulika mwini wake ndani? Ngati sanalembe kalikonse tsiku lojambula, aliyense amakumbukira zake. Amene wagulitsa nyimbo yonse pa ndalama ya kamodzi sanachite chachilendo, nthawi zina lendi sidikira, koma ayenera kudziwa kuti wagulitsa ziti mwa zinthu ziwiri zija.

Umwiniwu suli wamuyaya. Ku Malawi umatha patapita zaka 50 wopeka atamwalira. Ku America nyimbo zopekedwa kuyambira 1978 zimatetezedwa mpaka zaka 70 wopeka atamwalira, pomwe zimene zinatuluka chisanafike chaka chimenecho, monga za Dolly za m'ma 1970 oyambirira, zimatetezedwa zaka 95 kuchokera pomwe zinatuluka. "Jolene" ndi ya 1973, choncho aliyense woijambula kapena kuiika mufilimu ku America azilipirabe kwa Dolly, kapena kwa amene adzawasiyire, mpaka kumapeto kwa 2068.